Kuunika R2DBC pa PostgreSQL: imapulumutsa ma thread, koma database imayendabe pa liwiro lake

Aliyense amene amalemba mapulogalamu a Java olankhula ndi database anazolowera JDBC, njira imene Java imalankhulira ndi database, imene yakhalapo kuyambira mu 1997, ndipo khalidwe lake ndi lodziwika bwino: pulogalamu ikatumiza query (funso kapena lamulo lopita kwa database), thread (kanjira kamodzi kogwirira ntchito m'kati mwa pulogalamu) imene yatumizayo imaima n'kumadikira mpaka database itayankha. R2DBC, njira ina yolankhulira ndi database, inabwera kudzachotsa kudikira kumeneko. Ndemanga ino ikunena za driver wake (laibulale yolumikiza pulogalamu ndi database) wa PostgreSQL, wotchedwa r2dbc-postgresql, pomugwiritsa ntchito limodzi ndi Project Reactor (laibulale yolembera code yosadikiritsa thread), Spring WebFlux (yolandira mapempho a pa intaneti m'njira yomweyo) ndi Spring Data R2DBC, ndipo ndinene mosapita m'mbali kuti ndi chida chopangidwa mwaluso, chokhazikika, koma phindu lake lili pamalo ochepa kusiyana ndi mmene anthu ambiri amaganizira akamachitenga.

Gulu limene limapanga Spring (zida zomangira mapulogalamu a Java), pa nthawiyo lili pansi pa kampani ya Pivotal, linalengeza R2DBC mu 2018, patangopita chaka Spring Framework 5.0 itatuluka ndi WebFlux. Panali mpata woonekeratu. WebFlux inkatha kulandira mapempho ochuluka ndi ma thread owerengeka, ndipo MongoDB, Redis ndi Cassandra zinali kale ndi njira zosadikiritsa thread, koma wofuna PostgreSQL kapena MySQL ankabwererabe ku JDBC. Oracle inali itayamba ntchito yofanana nayo yotchedwa ADBA, koma inaisiya mu 2019 n'kuika mtima pa Project Loom, ntchito yopepukitsa ma thread a Java, zimene tidzazionenso kumapeto chifukwa zikukhudza kwambiri chigamulo changa. Malamulo a R2DBC anafika pa 0.8 kumapeto kwa 2019 ndi pa 1.0 mu 2022, Mark Paluch akutsogolera ntchitoyo, ndipo lero driver wa PostgreSQL amasungidwa pa GitHub pansi pa gulu lomwelo limene limasunga driver wa JDBC wa PostgreSQL. Laisensi yake ndi Apache 2.0, choncho palibe ndalama imene munthu amalipira. Mtengo wake umalipiridwa ndi nthawi ya wolemba pulogalamu, ndipo si wochepa.

Chinthu choyamba choyamikira n'chakuti driver ameneyu sanangokuta JDBC ndi chovala chatsopano. Amalankhula yekha ndi PostgreSQL kudzera pa Netty, laibulale ya netiweki yosadikiritsa thread, kotero query ikatumizidwa, thread imamasuka nthawi yomweyo kukagwira ntchito ina, ndipo yankho likafika pa netiweki ntchito imapitirira pamene inalekezera. Zimene pulogalamu imalandira si mizere ya mu tebulo ayi, koma Mono, imene idzapereke chinthu chimodzi kapena osapereka kanthu, kapena Flux, imene idzapereke zinthu zambiri motsatizana. Seva ya Tomcat, imene kawirikawiri imayendera limodzi ndi JDBC, ikasiyidwa mmene imabwerera imakhala ndi ma thread osapitirira 200, ndipo pempho lililonse limagwira thread imodzi kuyambira polowa mpaka potuluka. Reactor Netty, seva ya ku mbali ya WebFlux, imagwiritsa ntchito ma thread ofanana ndi kuchuluka kwa ma core a kompyuta, koma osachepera anayi, ndipo ochepa omwewo ndi amene amasenza mapempho onse.

Kuyamba n'kosavuta, ndipo apa sindipeza chodandaula. Mu Spring Boot munthu amaika spring-boot-starter-data-r2dbc ndi driver, n'kulemba adiresi ya database yoyamba ndi r2dbc:postgresql:// m'malo mwa jdbc:postgresql://, ndipo repository imene imachokera ku ReactiveCrudRepository imayamba kugwira ntchito. DatabaseClient imalola kulemba SQL pamanja ndi mayina monga :nambala, n'kuwasandutsa yokha kukhala $1 ndi $2 amene PostgreSQL imawamva. Mitundu ya deta ya PostgreSQL monga UUID, ma array ndi JSON imawerengedwa bwino, ngakhale kuti ma enum amafuna kuti munthu awalembetse kaye kwa driver. Amene anagwiritsapo ntchito Spring Data sangachite kakasi pa tsiku loyamba.

Mavuto amayamba pamene munthu akuyembekezera liwiro. Anthu ambiri amaganiza kuti popeza palibe thread imene ikudikira, ndiye kuti database iyankha msanga kapena ilandira ma query ochuluka nthawi imodzi, koma zimenezi sizoona. PostgreSQL imatsegula process yakeyake pa connection iliyonse, connection imodzi imagwira query imodzi pa nthawi imodzi, ndipo malire a ma connection, ngati palibe wawasintha, ndi 100. Pool (nkhokwe ya ma connection otseguliratu amene mapempho amabwerekana) ya R2DBC mu Spring Boot imayamba ndi ma connection 10, chiwerengero chomwecho chimene HikariCP, pool ya ku mbali ya JDBC, imayamba nacho. Zili ngati kuchigayo: ndi JDBC munthu aliyense amaima pafupi ndi thumba lake mpaka chimanga chake chitagayidwa, pamene ndi R2DBC amasiya thumba pamzere n'kupita kukagwira ntchito zina mpaka ataitanidwa, koma injini ya chigayo ndi yomweyo ndipo ufa umatuluka pa liwiro lomwelo. Chimene chapulumutsidwa ndi ma thread ndi memory imene amadya. Query imene ikuchedwa chifukwa tebulo lilibe index idzachedwabe chimodzimodzi, ndipo pa mapempho ochepa nthawi zina njira ya JDBC imayankha mofulumirirapo chifukwa ilibe ntchito yowonjezera ya ma operator a Reactor.

Mfundo imeneyi ili ndi zotsatira zimene ndikufuna tizione pafupi, chifukwa ndi pamene pulogalamu yooneka bwino imatha kuuma osanena chifukwa. Tiyerekeze kuti pulogalamu ikuwerenga maoda onse ngati Flux, ndipo pa oda iliyonse ikugwiritsa ntchito flatMap, operator ya Reactor yoyambitsa ntchito ina pa chinthu chilichonse, kukatenga dzina la kasitomala ku tebulo lina. flatMap ikasiyidwa yokha imalola ntchito 256 kuyenda nthawi imodzi, ndiye kuti ma query 256 amapita kukapempha connection ku pool ya ma connection khumi. Zimenezi pazokha zimangotalikitsa mzere. Koma connection imene ikuwerenga maoda sibwezedwa ku pool mpaka mzere womaliza utawerengedwa, ndipo mzere womalizawo sungawerengedwe ma query a m'kati asanathe. Anthu khumi akatumiza pempho lomweli nthawi imodzi pa tebulo lalikulu, ma connection onse khumi akhoza kugwidwa ndi ma query akunja, ma query a m'kati n'kusowa polowera, ndipo mbali iliyonse imadikira inzake. HikariCP imagonja pakatha masekondi 30 n'kutulutsa uthenga wa cholakwika, koma pool ya R2DBC ilibe malire a nthawi yodikira connection pokhapokha munthu ataika yekha maxAcquireTime. Seva imaoneka yamoyo, CPU ili phee, mu log mulibe chilichonse, koma mapempho sakuyankhidwa. Ndimaona kuti kusiya malire amenewa osaikiratu ndi chisankho chofooka cha okonza pool, ndipo ndikulangiza aliyense kuti chikhale chinthu choyamba kusintha asanalembe query ngakhale imodzi. Mankhwala enieni, komabe, ndi kulemba JOIN imodzi yolumikiza matebulo awiriwo m'malo mwa ma query mazana; kupatsa flatMap chiwerengero chochepa, kapena kugwiritsa ntchito concatMap pamene dongosolo la mizere lili lofunika, kumangofupikitsa mzere koma sikuthetsa kuuma kumeneku.

Nanga phindu lili pati? Limaoneka pamene nthawi yambiri ya pempho imathera pa kudikira zinthu zina zosakhala database. Ntchito imene ndinaiyeserapo chida chimenechi inali seva yolandira malipiro a ndalama za pa foni: pempho likalowa, pulogalamu imalemba mzere umodzi mu database, kenako imafunsa seva ya kampani ina ndi kudikira yankho limene nthawi zina limatenga masekondi angapo, n'kubwerera kudzasintha mzere uja. Pa ntchito yotere database imagwira ntchito kanthawi kochepa kwambiri, pamene kudikira kwa pa netiweki n'kwakutali, ndipo pa Tomcat ma thread amatha chifukwa chongodikira. Ndi WebClient (chida cha Spring chofunsira ma seva ena osadikiritsa thread) ndi R2DBC pamodzi, mapempho ochuluka amatha kudikira nthawi imodzi pa seva yaing'ono ya memory yochepa, ndipo kwa amene amalipira seva pa mwezi ndi ndalama zakunja, zimenezi si nkhambakamwa. Chofunika n'chakuti transaction (gulu la ma query amene amatheka onse kapena kulephera onse) isakhale yotsegula pa nthawi yodikira seva yakunjayo, apo ayi connection imagwidwa pachabe ndipo phindu lonse limapita.

Malo achiwiri amene driver ameneyu amachita bwino kwambiri ndi kutumiza deta yochuluka pang'onopang'ono. Malamulo a Reactive Streams, amene anafika pa 1.0 mu 2015 n'kulowa mu Java 9 mu 2017 ngati java.util.concurrent.Flow, amapatsa wolandira mphamvu yonena kuchuluka kwa zinthu zimene angathe kulandira pa nthawiyo, ndipo wotumiza saloledwa kupitirira pamenepo. Choncho lipoti la mizere yambirimbiri likhoza kuchoka mu database kupita kwa munthu wa intaneti yochedwa popanda kuunjikidwa lonse mu memory. Pali chenjezo limodzi: fetchSize, chiwerengero cha mizere imene driver amapempha ulendo umodzi, imayamba ili pa 0, kutanthauza kuti PostgreSQL imauzidwa kutumiza zonse, ndipo chimene chimachepetsa liwiro ndi kudzaza kwa njira ya TCP basi. Munthu akaika fetchSize, driver amapempha mizere m'magulumagulu malinga ndi chiwerengerocho. Tisaiwalenso kuti munthu wa intaneti yochedwayo amagwira connection ya database nthawi yonse imene akulandira lipotilo, ndiye pool ya ma connection khumi ikhoza kutha ndi anthu khumi okha otsitsa malipoti.

Chimene chinandisangalatsa kuposa zonse ndi LISTEN ndi NOTIFY. PostgreSQL ili ndi njira yotumizira uthenga waufupi, wosafika ma byte 8000, kwa aliyense amene akumvetsera pa dzina linalake, ndipo ndi JDBC pamafunika thread yodzipereka kumangofunsa kapena kudikira mauthengawo. Kuno PostgresqlConnection ili ndi getNotifications(), imene imapereka mauthengawo ngati Flux wamba, ndipo kuwalumikiza ndi Server-Sent Events za WebFlux ndi ntchito ya mizere yochepa ya code. Malipiro akatsimikizika, trigger ya mu database imatumiza NOTIFY, ndipo tsamba la wogulitsa limasintha lokha osadikira kuti alitsegulenso. Connection yomvetserayo iyenera kukhala yapadera, kunja kwa pool, ndipo ikaduka munthu ayenera kulemba yekha njira yolumikizanso, podziwa kuti mauthenga amene anatumizidwa pa nthawi imene inali yoduka sabweranso.

Tsopano tibwere pa mtengo uja. Lamulo lalikulu la njira imeneyi ndi lakuti pasapezeke chilichonse choimitsa thread kuyambira polowa pempho mpaka potuluka yankho. Popeza ma thread ndi owerengeka, laibulale imodzi yakale yotumizira imelo kapena yowerengera fayilo ikaimitsa thread imodzi mwa inayi, gawo limodzi mwa magawo anayi a seva laima, pamodzi ndi mapempho onse amene anali pa thread imeneyo. Reactor imadziteteza pa mbali imodzi yokha: munthu akaitana block() pa thread yake imakana n'kutulutsa IllegalStateException yonena kuti zimenezo siziloledwa pa thread monga reactor-http-nio-2. Koma kuima kobisika m'kati mwa laibulale ya eni ake sikuona. Pa chifukwa chimenechi pali BlockHound, chida chimene chimagwira kuima kulikonse pa nthawi yoyesa pulogalamu, ndipo sindingavomereze pulogalamu yotere kupita kwa anthu isanadutse mwa icho. Ntchito yoimitsa imene singapeweke imasamutsidwira ku Schedulers.boundedElastic(), koma ngati theka la pulogalamu likuthera kumeneko, munthu ayenera kudzifunsa chimene anasiyira Tomcat.

Palinso zinthu zimene compiler siziona koma zimapweteka. Mono kapena Flux sichita kanthu mpaka wina atachita subscribe, ndiko kupempha zotsatira zake, choncho mzere wa repository.save(oda) wolembedwa pawokha, osalumikizidwa ndi unyolo umene ukubwezedwa, umadutsa bwinobwino popanda cholakwika ndiponso popanda kulemba chilichonse mu database. Kuika subscribe() pamanja pakati pa unyolo kumaoneka ngati kwathetsa vutolo, koma kumachotsa ntchitoyo mu transaction ndipo cholakwika chake sichifika kwa wopempha. Reactive Streams imakananso null, kotero kuwerenga column imodzi imene ilibe kanthu kumagwetsa unyolo wonse pokhapokha itakutidwa mu Optional. Ndipo save() imaona ngati chinthu chili ndi ID kale: munthu akapanga yekha UUID asanasunge, Spring Data imaganiza kuti mzerewo ulipo n'kuyesa UPDATE m'malo mwa INSERT, mpaka atagwiritsa ntchito Persistable, @Version kapena insert() ya R2dbcEntityTemplate.

Ma transaction akonzedwa bwino, ndipo apa okonza ayenera kuyamikiridwa chifukwa vutolo silinali laling'ono. Mu JDBC, Spring imasunga transaction mu ThreadLocal, popeza pempho limakhala pa thread imodzi. Kuno pempho limadumpha kuchoka pa thread ina kupita pa ina, ndiye transaction imayenda mu Context ya Reactor, imene imatsata unyolo wa subscribe. @Transactional imagwira ntchito pa method iliyonse yobweza Mono kapena Flux, ndipo TransactionalOperator ilipo kwa wofuna kuika malire pamanja. Chongofunika kukumbukira n'chakuti transaction imodzi ndi connection imodzi, kotero ma query a m'kati mwake amachitika imodzi pambuyo pa inzake ngakhale code itaoneka ngati ikuwatumiza onse pamodzi.

Amene akuchokera ku Hibernate, laibulale imene imalumikiza yokha ma class a Java ndi matebulo, ndi amene amamva kusowa kwambiri. Spring Data R2DBC si JPA, malamulo amene Hibernate imatsatira. Ilibe @OneToMany, ilibe kutenga deta yolumikizana pokhapokha ikafunika, ilibe cache, ndipo siipanga matebulo kuchokera ku ma class. Oda ndi katundu wake ziyenera kulumikizidwa pamanja, kaya ndi JOIN n'kusonkhanitsa mizereyo, kaya ndi query yachiwiri. Ineyo sindiona kuti zonsezi n'zoipa, chifukwa SQL yoonekera poyera imapewetsa ma query obisika amene Hibernate imatha kutulutsa, koma pa pulogalamu ya matebulo ambiri olumikizana code imachuluka msanga. jOOQ yakhala ikugwira ntchito ndi R2DBC kuyambira pa 3.15, ndipo imathandiza kwambiri pa SQL yovuta. Hibernate Reactive iliponso, koma imadutsira pa driver wa Vert.x, osati R2DBC. Flyway ndi Liquibase, zimene zimasintha kapangidwe ka matebulo pulogalamu ikamayamba, zimafunabe JDBC, ndiye pulogalamu imene inati yasiya JDBC imanyamulabe ma driver awiri ndi maadiresi awiri a database imodzi. Sizowononga kanthu, koma zimasonyeza kuti zida zambiri za Java zinamangidwa pa JDBC ndipo sizinasunthe.

Kufufuza cholakwika ndi kumene kumadya nthawi koposa. Stack trace ya pulogalamu wamba imasonyeza njira yonse imene code inadutsa, pamene ya Reactor imadzaza ndi mayina monga FluxFlatMap ndi MonoFlatMap, ndipo mzere wa code ya munthu mwini nthawi zina suonekamo n'komwe. Pali checkpoint() yoika zizindikiro mu unyolo, pali Hooks.onOperatorDebug() imene ndi yolemera kwambiri moti siyenera kusiyidwa yoyaka pa seva ya anthu, ndipo pali ReactorDebugAgent imene ndi yopepukirapo. Nambala yotsatira pempho mu log, imene MDC imasunga pa thread, imasowa pempho likasamuka thread, pokhapokha munthu ataika laibulale ya context-propagation ya Micrometer. Poyesa, StepVerifier ndi Testcontainers zimagwira ntchito yabwino ndi PostgreSQL yeniyeni. Zida zilipo zonse, koma chilichonse ndi phunziro lakelake, ndipo pa gulu la anthu awiri kapena atatu, pamene mmodzi yekha ndi amene amamvetsa kusiyana kwa publishOn ndi subscribeOn, tsiku limene iyeyo kulibe ntchito imaima.

Chimene chasintha nkhani yonse ndi Java 21, imene inatuluka mu September 2023 ndi ma virtual thread ochokera ku Project Loom uja. Thread yotere ndi yopepuka kwambiri moti kudikira kwake sikugwira thread yeniyeni ya kompyuta, ndipo kuyambira pa Spring Boot 3.2 mzere umodzi, spring.threads.virtual.enabled=true, umachititsa Tomcat kuigwiritsa ntchito. Vuto limene linatsala, loti virtual thread inkakanirira ikaima m'kati mwa synchronized, linakonzedwa mu Java 24. Zikatero, seva ya malipiro imene ndafotokoza ija ikhoza kulembedwa ndi JDBC, Hibernate, try ndi catch wamba, stack trace yowerengeka, n'kudikirabe mapempho ochuluka pa memory yochepa. Chifukwa chachikulu chimene R2DBC inabadwira, kupulumutsa ma thread, chapeza yankho lina losafuna kuti munthu asinthe kalembedwe kake.

Chimene ma virtual thread sapereka okha ndi mphamvu ya wolandira yochepetsa liwiro la wotumiza, ndiponso ma operator olumikiza, osefa, oika malire a nthawi ndi obwereza mitsinje ya deta. Pa pulogalamu imene ili kale pa WebFlux, imene imatumiza deta mosalekeza kwa anthu ambiri olumikizidwa nthawi yaitali, kapena imene imadalira LISTEN ndi NOTIFY, r2dbc-postgresql ndi chisankho chabwino ndipo ndingachilimbikitse popanda kukayika, bola maxAcquireTime iikidwe, flatMap ipatsidwe malire ndipo BlockHound ikhale m'mayeso. Pa pulogalamu yatsopano yolemba, kuwerenga ndi kusintha mizere ya matebulo olumikizana, monga ya sukulu, ya sitolo kapena ya malipiro a antchito, ndingasankhe JDBC pa Java 21 kapena yatsopano kuposa pamenepo, ndipo nthawi imene ikanathera pa kuphunzira Reactor ndingaithere pa kuwerenga zimene EXPLAIN ANALYZE, lamulo la PostgreSQL loonetsa mmene query yayendera, ikunena za ma query anga.